Matayala anayi m'masekondi awiri: yankho kwa makaniko wa ku Nchalo

Funso la ulendo uno lachokera kwa mnyamata wa zaka 22 amene amamata ndi kusintha matayala pa kashedi kena m'mbali mwa msewu wa M1 ku Nchalo. Walemba kuti: "Lamlungu lina ndinaonera mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 pa foni ya mnzanga. Galimoto inapatuka n'kuima, anthu anaiunjirira ngati nyerere pa chiwala, ndisanaphethire n'komwe inali itanyamuka ndi matayala anayi atsopano. Ine tayala limodzi la minibasi limandidyera mphindi 10, thukuta lili kamukamu. Kodi zimenezi n'zoona, kapena kanemayo amachita kumuthamangitsa? Anthu amenewa ali ndi luso lanji? Nanga munthu ngati ine angakafikeko?"

Achimwene, kanemayo sanamuthamangitse. Kuima kumene munaonako, kumene eniake amati pit stop, kumatenga masekondi awiri kapena awiri ndi theka zinthu zikayenda bwino. Mu Okutobala 2023, pa mpikisano wa ku Qatar, amakaniko a timu ya McLaren anasintha matayala onse anayi a galimoto ya Lando Norris m'masekondi 1.80. Anaphwanya rekodi ya timu ya Red Bull, ya masekondi 1.82, imene inakhazikitsidwa ku Brazil mu 2019 pa galimoto ya Max Verstappen.

Koma musayambe kudziderera chifukwa cha mphindi 10 zanuzo. Inu mumalimbana ndi manati asanu kapena asanu ndi limodzi, amene wina anawamanga atachita kupondera pa paipi ndi thupi lake lonse, kenako n'kukasamba matope a Januwale ku Bangula mpaka dzimbiri kugwira. Jeki mumaipopa nokha, tayala mumaligubuduza nokha, uku kondakitala ali pakhosi panu kuti apasenjala akudandaula. Galimoto ya Formula 1 anaipangira dala kuti matayala azichoka msanga. Tayala lililonse limagwidwa ndi nati imodzi yokha, yaikulu, ya pakati, ndipo natiyo imakhala yomangiriridwa ku rimu kuti isagwe pansi n'kumakaifunafuna. Saimasula ndi sipanala koma ndi mfuti yoyendera mpweya wopanikizidwa, yamphamvu moti munthu wosazolowera ikhoza kumuminyula dzanja. Galimotoyo, ndi dalaivala yemwe, imalemera makilogalamu pafupifupi 800 basi, choncho munthu mmodzi kutsogolo ndi wina kumbuyo amainyamula ndi majeki a chogwirira chachitali mwa kungokoka kamodzi. Mutawapatsa anthu omwewo Hiace yanu ija ndi wilusipanala yanu yopindikayo, nawonso akhoza kupuma kaye pamthunzi.

Ndiye zipangizo zimathandiza. Chotsalacho ndi cha anthu, ndipo funso lanu lenileni lagona pamenepo.

Anthu amene munawaona aja amakhala pafupifupi 20. Pa tayala lililonse pamakhala atatu: wamfuti, wochotsa lakale, ndi wolowetsa latsopano. Amenewo ndi 12. Pali wa jeki yakutsogolo ndi wa jeki yakumbuyo, ndipo kumbuyo kwawo kumaima ena ndi majeki apadera, kuchitira kuti ina ingakanike. Awiri amagwira galimoto m'mbali kuti isagwedezeke ili m'malere. Ena awiri amakhala kutsogolo ndi timakiyi tosinthira kapendekeke ka phiko la kumphuno kwa galimoto, ngati dalaivala wadandaula kuti galimoto ikukana kukhota. Wina ntchito yake ndi kungoyang'ana kumbuyo, kuona ngati kukubwera galimoto ina, kuti yawoyo isatuluke n'kukawombana ndi inzake.

Onsewa saloledwa kumangoima panja kudikira. Amakhala m'galaja pamipando, atavala kale mahelemeti ndi zovala zosagwira moto, akuonera mpikisano pa sikirini ngati inu nomwe. Mawu akangomveka pa wailesi ya m'makutu, amadzambatuka. Matayala amawavundukula m'mabulangete amagetsi amene amawasunga akutentha madigiri pafupifupi 70, aliyense n'kuthamangira pamalo pake, n'kugwada kapena kunyonyomala. Galimoto imabwera m'kanjira ka kumagalajako pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ndilo malire a m'mabwalo ambiri. Ku Monaco, kumene n'kopanikiza, ndi 60. Tangoganizani minibasi ikudutsa pa Dyeratu pa 80, inu mutaima kutsogolo kwake ndi jeki m'manja, mukukhulupirira kuti adalaivala aima ndendende pa mzere umene mwawalembera. Ntchito ya wa jeki yakutsogolo ndi imeneyo, ndipo alipo ndithu amene anagwetsedwapo chagada.

Wamfuti sayang'ana galimoto yonse ayi. Maso ake amakhala pa nati yake yokha kuyambira ili patali, ndipo mfuti imakumana ndi natiyo galimoto isanaime n'komwe bwinobwino. Phokoso limodzi, nati yamasuka. Wochotsa uja manja ake ali kale pa tayala, amalikokera kumbali kwake. Pa mpata womwewo latsopano lalowa kuchokera mbali inayo. Phokoso lachiwiri, nati yamangika. Wamfuti amadina batani pa mfuti yakeyo. Onse anayi akadina, majeki amatsika, nyali yobiriwira n'kuyaka pamaso pa dalaivala. Pamenepo mabuleki ali chiyakire pafupi ndi zala zawo, poti pothamanga amafika madigiri 1,000.

Ngati munaonapo akuluakulu a kwathu kuno akuimba ulimba, anthu atatu pa chipangizo chimodzi, mukudziwa kuti dzanja la wina limagwa pomwe la mnzake langochoka kumene, ndipo palibe amene amayang'ana mnzake kuti aone ngati wamaliza. Wina akangofuna kuonetsa kuti iye ndiye dolo n'kuthamangitsa mbali yake, nyimbo yonse imaphwasuka. Pa tayala paja ndi chimodzimodzi. Wolowetsa akafulumira kuposa wochotsa, matayala awiri amagundana. Wamfuti akabwerera msanga tayala lisanakhale, nati imalowa mopingasa. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Apa ndiye n'kumalizira limodzinso, chifukwa ngodya zitatu zikatha m'masekondi awiri koma yachinayi m'masekondi asanu, galimoto yaima masekondi asanu.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mu Formula 1 mulibe munthu amene analembedwa ntchito yongosintha matayala. Onse aja ndi amakaniko ndi antchito ena a timu, amene sabata yonse amakhala akumanga ndi kumasula galimotoyo: uyu wa giyabokosi, uyu wa mabuleki, uyu wa zamagetsi, uyu wosamala matayala, wina mwina woyendetsa lole yonyamula katundu. Pit stop ndi ntchito yoonjezera imene amasankhirapo amene aonetsa kuti manja ndi mutu zimagwirizana. Ku America, mu mpikisano wa NASCAR, amachita mosiyana: kumeneko amaloleza anthu asanu okha kuzungulira galimoto, ndiye amalemba anyamata amene ankasewera mpira ndi masewera ena m'makoleji, n'kuwaphunzitsa jeki ndi mfuti. Koma mpikisano umene munaonera inuwo, khomo lake ndi umakaniko weniweni. Masekondi awiri aja ali ngati kansonga ka mvuu kamene kamaoneka pamwamba pa madzi ku Elephant Marsh. Chinyama chonse chili pansi.

Luso loyamba ndiye ndi limene mukuliphunzira kale pa shedi yanuyo, ngati mukuliphunzira bwino: kumva mazinga m'manja. Makaniko wabwino amadziwa kuti nati yalowa mokhota isanathe n'komwe kuzungulira kawiri. Amamva kulimba kumene sikuli kwake. Amadziwanso kuti si nati iliyonse imene imamangira kumanja. Pa malole ena a ku Japan, manati a matayala akumanzere ali ndi mazinga obwerera, ndipo pa bawuti pamakhala chilembo cha L. Ndaonapo anyamata atatu akulendewera pa paipi kuti amasule nati yoteroyo, osadziwa kuti akuimangitsa, mpaka bawuti kuduka. Pa liwiro la pit stop kulakwa kotere kumachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Mu 2018 ku Australia, magalimoto awiri a timu ya Haas anali pa nambala 4 ndi 5, malo amene timu yaing'ono ngati imeneyo imachita kuwalota. Onse awiri anatuluka mu pit stop manati atalowa mopingasa, ndipo onse awiri anakaima m'mbali mwa msewu, wina kutsatira mnzake. Ku Monaco mu 2021, Valtteri Bottas wa Mercedes anali wachiwiri pamene analowa kudzasintha matayala. Mfuti inakumana ndi nati yakutsogolo kumanja itapendekeka pang'ono, n'kupala mano onse a natiyo mpaka kusalala. Panalibenso pogwira. Tayala limenelo linakachoka patapita maola 43, galimoto itabwerera ku fakitale ku England.

Luso lachiwiri ndi lovuta kuposa loyambalo, ndipo ine ndinaliphunzira mochititsa manyazi. Ndili mnyamata wophunzira ntchito pa galaja ina kuchigwa konkuno, kunabwera pikapu yonyamula thonje kuti tiisinthe tayala lakumbuyo. Ndinalowetsa tayala, manati ndinawazungulitsa ndi zala mpaka kugunda, n'kutsitsa jeki. Ndisanatenge sipanala, abwana anandiitana kuti ndikagwire tochi pansi pa thirakitala. Mnzanga anaona galimoto ili pansi, manati ali m'malo, anaganiza kuti ndamaliza, n'kuuza mwini wake kuti zatheka. Ine ndili pansi pa thirakitala ndinamva pikapu ikulira, ndinaganiza kuti mnzangayo wamanga. Sipanathe ola, mwini galimoto anatulukira wapansi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, m'dzanja atafumbata manati awiri amene anawatola pamsewu. Anati anangoona tayala likumupitirira n'kulowa m'munda wa mapira. Mwamwayi ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha katundu, ndipo panjira panalibe mwana kapena wanjinga. Akanakhala kuti akutsika zikweza za ku Thabwa, bwenzi nkhani ili ina.

Abwana aja sanandikalipire kwambiri, ngakhale ndinkayembekeza mbama. Mawa lake anabwera ndi choko cha kusukulu, n'kundipatsa m'manja. Anati kuyambira lero, womanga nati komaliza ndi amene azilemba mzere pa natiyo, ndipo galimoto yopanda choko isatuluke pageti ngakhale mwini wake atakhala a T/A. Choko chimenecho ndi batani lija la pa mfuti. Ndi mawu a munthu mmodzi akuti, "Ine ndamanga, ndaona ndi maso anga." Ndipo luso lake lagona pa kusadina. Wamfuti ali pamenepo, anzake atatu amaliza, dalaivala akuliza injini, makamera a dziko lonse ali pa iye, thupi lake lomwe lazolowera kudina pa kanthawi kakuti. Ngati wamva kuti natiyo sinakhale bwino, ayenera kuumitsa chala, kukweza dzanja, n'kuyambiranso, ngakhale timu itaye malo atatu. Ambiri amene ali ndi manja achangu amagwa pamenepa. Mu 2021 bungwe loyendetsa mipikisanoyi la FIA linachita kukhwimitsa malamulo kuti chizindikiro chizibwera nati itamangika kale, osati munthu kudiniratu poyembekeza kuti imangika.

Chifukwa chake anthu anapwetekapo. Ku Imola, ku Italy, mu 1994 tayala linachoka pa galimoto ya Michele Alboreto akutuluka kumagalaja, n'kuvulaza amakaniko a matimu ena. Malire a liwiro m'kanjira kaja anayamba pambuyo pa ngozi imeneyo. Mu 2013 ku Nürburgring, ku Germany, Mark Webber anamulola kunyamuka tayala lakumbuyo lisanamangike, ndipo linagubuduka n'kukagunda munthu wojambula kanema mpaka kumuthyola mafupa. Ku Bahrain mu 2018 nyali yobiriwira inayakira Kimi Räikkönen wa timu ya Ferrari tayala lakumbuyo kumanzere lisanachoke n'komwe. Iye anachita zimene anaphunzitsidwa, kunyamuka nyali ikayaka, ndipo anaponda mwendo wa makaniko amene anaima kutsogolo kwa tayalalo, mafupa awiri n'kuthyoka. Ferrari inalipitsidwa mayuro 50,000. Mwa zitatuzi palibe imene inachitika chifukwa choti munthu anachedwa.

N'chifukwa chake ine, pamene ndinkathandiza pa katimu kena kakang'ono ka mipikisano ya kumapeto a sabata ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, sindinkachita chidwi ndi mnyamata amene wachita bwino kwambiri kamodzi. Ndinkafuna amene akachita kakhumi, kakhumi konseko nthawi yake ikhale yofanana. Matimu akuluakulu nawonso amawerengera motero. Kulowa ndi kutuluka m'kanjira ka kumagalaja kumadya kale masekondi 20 kapena kuposerapo, ndiye kupulumutsa kachigawo kakang'ono ka sekondi n'kwabwino, koma kutaya masekondi 10 chifukwa cha phuma ndiye kugulitsa mpikisano wonse. Amayeserera mobwerezabwereza ku fakitale ndi kubwalo komwe, ena akukankha galimoto ndi manja kuti ilowe pamalo, kamera ikujambula kuchokera pamwamba. Kenako amakhala pansi n'kumaonera pang'onopang'ono: bondo lako linali apa, bwanji lero lili apa? Chigongono chako chikutsekereza mnzako. Munthu wosafuna kudzudzulidwa sakhalitsa pa ntchito imeneyi.

Palinso luso lina losaoneka pa kanema, la dongosolo. Kampani ya Pirelli, imene yakhala ikupereka matayala onse a Formula 1 kuyambira 2011, imawalemba mitundu m'mbali: ofiira ndi ofewa, amagwira msewu kwambiri koma sachedwa kutha, achikasu ndi apakatikati, oyera ndi olimba, obiriwira ndi a msewu wonyowa pang'ono, abuluu ndi a chimvula. Kukakhala kopanda mvula, lamulo limati dalaivala agwiritse ntchito mitundu iwiri yosiyana, n'chifukwa chake aliyense amayenera kuima ngakhale kamodzi. Tsono timu iliyonse ili ndi madalaivala awiri, aliyense ndi matayala akeake, ndipo tayala lililonse lili ndi ngodya yake. Wina ayenera kudziwa, mosafunsa, kuti seti yakuti ili pa shelefu iti. Ku Monaco mu 2016 Daniel Ricciardo ankatsogola, anamuitana kuti alowe, anafika n'kuima, koma matayala kunalibe. Amakaniko anali akuthamanga nawo kuchokera mkati mwa galaja chifukwa akuluakulu anasintha maganizo mochedwa. Amene anapambana ndi Lewis Hamilton. Ku Sakhir, ku Bahrain, mu 2020 a Mercedes anamuveka George Russell matayala a mnzake Bottas chifukwa uthenga wa pa wailesi sunawafike ena, ndipo anachita kumuitananso. Ndiye mukamaona makaniko amene sipanala 17 amaifunafuna m'thumba, pansi pa mpando, mpaka kukaipeza kwa wogulitsa mandasi, dziwani kuti ameneyo ngakhale atakhala ndi manja a mphezi sangamuyandikize pa galimoto yothamanga.

Ndingotchulako pang'ono: madokotala a pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London anapita kukaphunzira kwa amakaniko a Ferrari momwe angamaperekerane mwana wochokera ku opaleshoni kupita ku chipinda cha odwala kwambiri. Zimene anatengako sizinali liwiro ayi. Zinali zoti aliyense adziwe poima, adziwe chogwira, pakhale mmodzi wolamula, ndipo ena akhale chete.

Za thupi ndiye inu a kuchigwa muli ndi poyambira. Tayala lililonse ndi rimu yake limaposa makilogalamu 10, ndipo chiyambire 2022, pamene marimu anakula kuchoka pa mainchesi 13 kufika 18, analemereranso. Kulinyamula si nkhani kwa munthu wozolowera thumba la chimanga. Nkhani ndi kulilowetsa pa habu, chitsulo chimene tayala limakhalapo, mosaphonya, utagwada, kamodzi kokha. Pamafunika msana, mapewa ndi miyendo yolimba, ndipo matimu amakhala ndi aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi a amakaniko okhaokha. Kutentha nakonso n'kwina. Mpikisano womwe uja wa ku Qatar umene rekodi inaphwanyidwa, kunatentha moti Esteban Ocon anasanza m'helemeti akuyendetsa, ndipo Logan Sargeant anasiyira panjira chifukwa chodwala. Amakaniko anali m'maovolosi osagwira moto, magolovesi ndi mahelemeti. Zovalazi amavalabe ngakhale kuti kuthira mafuta pakati pa mpikisano kunaletsedwa kuyambira 2010. Amakumbukira za ku Hockenheim, ku Germany, mu 1994, pamene petulo anathovokera pa galimoto ya Jos Verstappen, bambo ake a Max, moto n'kukuta galimoto ndi amakaniko omwe. Munthu amene wagwirapo ntchito pa phula la ku Ngabu mu Novembala, kutentha kutaposa madigiri 40, sipanala ikuotcha ngati yachoka pamoto, amadziwa kale chimene kutentha kumachita ndi mutu: umayamba kuiwala tinthu ting'onoting'ono. Amadziwanso kuti madzi umamweratu ludzu lisanakupeze.

Tsono funso lanu lomaliza lija, loti mungakafikeko. Sindikunamizani, njira yake ndi yaitali ndipo siyambira kuno. Matimu ambiri ali ku England: McLaren ku Woking, Red Bull ku Milton Keynes, Mercedes ku Brackley, Williams ku Grove. Ferrari ili ku Maranello, ku Italy. Amakaniko awo ambiri anayambira m'mipikisano yaing'ono ya komweko, ya tigalimoto ta ana ndi ya Formula 4, n'kumakwera ku Formula 3 ndi Formula 2, zaka zikupita. Mu Africa muno Formula 1 inathamangidwa komaliza mu 1993, ku Kyalami kufupi ndi Johannesburg. Aliyense amene angakuuzeni pa Facebook kuti mumutumizire ndalama akupezereni malo ku timu yakutiyakuti, ameneyo ndi wakuba, musamuyankhe n'komwe.

Koma mipikisano ya magalimoto si Formula 1 yokha, ndipo kunena zoona, ine ndimaona kuti luso la makaniko wa kuchigwa limagwirizana kwambiri ndi rally, mpikisano wa m'misewu yafumbi. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953 ndipo inabwerera pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse mu 2021, ku Naivasha. Anansi athu a ku Zambia nawo anachititsapo rally ya mpikisano wa mu Africa. Kumeneko galimoto imabwera pamalo okonzera itadzaza matope, shoko itaphulika, chitsulo cha pansi chitapindika ndi mwala, ndipo amakaniko amapatsidwa nthawi yowerengeka, mwina mphindi 15 m'mawa, mwina 45 madzulo. Ukapitirira, timu imalangidwa. M'nthawi imeneyo akatswiri amatha kutsitsa giyabokosi n'kukweza ina mphindi 20 zisanakwane. Tayala likaphulika kutchire, dalaivala ndi mnzake wowerenga njira amasintha okha. Apa pamafunika munthu woti akangoyang'ana ndi kumvetsera adziwe chimene chavuta, asankhe choyamba kukonza ndi chimene chingadikire, ndiponso wodziwa kupulumutsa galimoto ndi zimene zilipo. Amene anakonzapo lole ya nzimbe itafera pakati pa munda usiku, ndi tochi ya pafoni, ntchito imeneyi sangaione yachilendo.

Chimene chimatigwetsa ife ndi mapepala ndi miyezo. Timamanga nati "mpaka ilire", pamene kunjako nati iliyonse ili ndi nambala yake. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota manati a matayala amafuna mphamvu ya 103 Nm (Nm ndi muyezo wa kamangidwe ka nati), ndipo munthu wopondera pa paipi amapitirira pamenepo kutalitali, bawuti n'kutamuka, tsiku lina n'kudzaduka pa bampu. Gulani kapena bwerekani torque wrench, sipanala yoonetsa muyezo umenewu, muphunzire kuiwerenga. Pitani mukayesedwe trade test, mayeso a ntchito zamanja, kuti luso lanulo likhale ndi pepala. Ngati MSCE yanu ili bwino, Soche Technical College ku Limbe si kutali, ndipo amene masamu ndi sayansi zinawayendera akhoza kulimbana ndi za uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS. Chingerezi cha m'mabuku a magalimoto muchizolowere, ndi kompyuta yoyezera matenda a injini yomwe, chifukwa galimoto zothamanga za masiku ano zili ndi mawaya ndi masensa ochuluka kuposa mabawuti. Ndi zimenezo m'manja, munthu akhoza kukagogoda pa magalaja a ku Lusaka, Nairobi kapena ku South Africa amene amakonza galimoto za mpikisano, n'kuyamba ndi kutsuka marimu. Ine ndinayambira pomwepo, ndi ndowa ndi chinkhupule.

Pakali pano, pa shedi yanu pomwepo, chitani izi. Pezani anzanu awiri ndi galimoto ya munthu amene wakulolani, pamalo athyathyathya, mwala kapena chipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lina, ndipo pasapezeke wolowetsa mwendo kapena mutu pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeki yokha. Gawanani: wina jeki, wina sipanala, wina matayala. Lembani pansi ndi choko pamene aliyense aziima, pamene sipeya izikhala, ndi pamene manati azigwera. Chivindikiro cha chitini chimakwana, kusiyana n'kuwaponya m'fumbi. Wachinayi aimirire pa mpando ajambule ndi foni. Sabata yoyamba musayang'ane nthawi ayi. Muzingobwereza ndondomeko imodzimodzi: kumasula pang'ono galimoto ili pansi, kukweza, kuchotsa, kulowetsa, kuyambitsa nati iliyonse ndi zala, kumanga modumphitsa ngati mukujambula nyenyezi, kutsitsa, kumalizitsa ndi muyezo, choko. Madzulo muonere kanemayo pamodzi, muwerenge kuti ndi kangati pamene wina anaima manja ali lende kudikira mnzake, ndi kangati pamene wina anadzuka kukatenga chinthu chimene chikanakhala pafupi. Muchotse zimenezo chimodzichimodzi. Sabata yachiwiri ndiye muyatse wotchi, ndipo muzilemba nthawi zonse khumi m'kope, osati yabwino yokhayo. Ulendo uliwonse umene nati yagwa m'fumbi kapena yatuluka yopanda choko, muziulemba kuti walephereka, ngakhale utakhala wachangu kuposa ena onse. Kopelo mudzalijambule munditumizire pakutha pa mwezi, pamodzi ndi mtundu wa galimoto ndi jeki imene mukugwiritsa ntchito.